Wodziwa Kulonga ndi Manja

Bambo anga anali Msena wa ku Nsanje, koma Chisena chawo anachisiya pa mlatho wa Shire tsiku limene ankakwera kudzafuna ntchito ku Blantyre. M'nyumba mwathu ku Bangwe ankalankhula Chinyanja chokhachokha, kuopa kuti ana a maneba angamatiseke, ndipo mayi anga, Mlomwe wa ku Phalombe, sanaone chifukwa chowakakamizira. Mawu a Chisena amene ndinakula nawo ndi amodzi okha: takhuta, kutanthauza zikomo. Ndi mawu amodzi amenewo ndakhala ndikudzitcha Msena paliponse pamene zandikomera.

Ndayambira kutali chonchi kuti mumvetse mmene ine Filomena, mayi wa ana atatu, ndinayendera tsiku lathunthu kukagwira ntchito imene sindinkaidziwa ngakhale pang'ono, uku ndikudzitama njira yonse.

Chisankho chitayandikira, kutchalitchi kwathu tinapanga kagulu kothandiza mavolontiya. Awa ndi anthu amene amakhala panja pa malo ovotera osalandira kanthu, kumapezera okalamba pokhala, kugwira dzanja osaona mpaka pamzere, kutungira madzi amayi oyembekezera. Ife ntchito yathu inali kuwapezera zogwirira ntchito. Ambiri anali pafupi, ku Ndirande ndi ku Machinjiri, koma gulu limodzi linali ku Chigwa cha Shire, kuseri kwa Tengani, ndipo mtsogoleri wake anali a Alufandika, katekisiti wa kumeneko. Iwowa anaimbira foni wapampando wathu, a Namakhwa, ndi pempho lapadera, ndipo a Namakhwa analilemba m'kabuku kawo monga mmene linamvekera.

Lamulungu, Misa itatha, anatiwerengera.

"Akuti katundu titumize, koma chachikulu tiwatumizirenso munthu wodziwa kulonga ndi manja."

"Ndi manja?" anafunsa mayi wina. "Nanga ena amalonga ndi chiyani?"

"Kumeneko ndi kumudzi, mayi," anatero a Namakhwa, amene sanasowepo yankho chibadwire. "Kulibe mashini. Akufuna wa manja."

Madamu Gondwe, amene amaphunzitsa ana osamva, anati atha kupita popeza sukulu inali yotseka sabata imeneyo. A Namakhwa anawakaniza mwaulemu. Anati ya thiransipoti ilipo ya munthu mmodzi, komanso si bwino kutuma munthu wophunzira kukanyamula makatoni. Madamu akathandize ku Machinjiri. Apo ndinaimirira ine. Zaka khumi ndi zisanu ndakhala ndikulonga katundu mu hoselo ina ku Limbe, ndipo katoni ndimaitseka osasiya mpata wolowa mphemvu. Ndinachita kutambasula zikhatho kuti aliyense aone zipsera. Anandiombera m'manja.

Chimene palibe mmodzi mwa ife ankachidziwa n'chakuti pa Chisena kulonga ndi kulankhula. A Alufandika ankapempha munthu wodziwa chinenero cha manja. Kumudzi kwawoko kunali mayi wina wosamva, a Dominga, wa msinkhu wangawu. Ali mwana anaphunzirako kusukulu ya ana osamva kuno kumtunda mpaka makolo atatopa n'kuwabweza. Chinenero cha manja ankachidziwa, koma m'mudzi monse munalibe wowayankha. Chisankho chilichonse mlongo wawo, a Zuze, ankalowa nawo n'kuwachongera pa pepala, ati kuwathandiza. Ulendo uno a Dominga anakoka a Alufandika malaya, kuwalozera chithunzi cha bokosi la mavoti, n'kudzigunda pachifuwa. A Alufandika anamva kuti mayiyu akufuna kuvota yekha, koma analibe njira yowauzira kuti lamulo likuwalola, kapena kuwafotokozera mmene mapepala atatu ovotera aja amayendera. Munthu amene ankamudikira kuti adzachite zimenezo ndinali ine.

Ndinanyamuka kutatsala tsiku limodzi kuti anthu avote. Ndinali ndi makatoni atatu, olonga ndekha: timipando topinda, mabibu oyera ovala pamwamba pa malaya, magalasi owerengera, mabisiketi ndi maambulera. Maambulerawo anatidyetsa mutu pogula, chifukwa pamalo ovotera safuna mtundu wa chipani, ndipo m'dziko muno mtundu uliwonse uli ndi mwini wake. Mapeto ake tinagula apinki a maluwamaluwa, amene anatsala pa shelefu chifukwa chosowa owafuna. Amuna anga anandiperekeza mpaka ku Limbe, kundikweza minibasi ya m'tauni, n'kundilangiza kuti kumeneko ndikachepetseko pakamwa. Sindinawayankhe, chifukwa ndinali ndikufotokozera dalaivala za ulendo wanga.

Pa siteji ya minibasi za ku Chikwawa ndi ku Nsanje panali anthu ngati pa maliro a munthu wolemera. Aliyense amene analembetsa kwawo ankapita kwawo, ndipo mtengo unali utakwera usiku umodzi popanda wofotokoza. Kondakitala anayang'ana makatoni anga n'kupukusa mutu.

"Mami, awa alipira mpando. Kumbuyo kwafula."

"Kwafula kapena mwangoponyera? Tatsegulani ndione."

Anatsegula monyinyirika. Ndinatulutsa zonse: zikwama, ndowa, thumba la kabichi, tayala la sipeya. Ndinayamba ndi zolemera pansi, zofewa m'mipata, ndowa ndinaidzaza nsapato za eni ake. Makatoni atatu onse analowa, mpata n'kutsalako wa wailesi ya munthu wina. Chitseko chinatsekeka popanda chingwe, zimene kondakitala anati sizinachitikepo chigulire galimotoyo.

"Mami, ndinu dolo," anatero.

Mutu unandikula. Ndinakhala pambali pa bambo wina wachikulire wa jekete la ulonda, a Fole, mlonda wa pa fakitale ina ku Ginnery Corner, amene ankapita kwawo ku Bangula. Tinadikira ola ndi theka kuti minibasi yodzaza kale idzaze, ndipo nthawi yonseyo ndinawafotokozera za kagulu kathu, za maambulera, za abwana anga a ku hoselo, za shuga ya amuna anga. Titadutsa Nancholi ndinafika pa mfundo yeniyeni.

"Pa gulu lonse, bambo, pali aphunzitsi, pali manesi, koma asankha ine. Akuti kumeneko akufuna wodziwa kulonga ndi manja."

A Fole anandiyang'ana cham'mbali.

"Kulonga mumadziwadi, mayi. Chichokere m'tauni simunapume."

Ndinathokoza kwambiri. Ndinkaganiza kuti akunena za ntchito ndinaigwira kumbuyo kwa minibasi ija. Ndinawauzanso kuti nane ndine Msena, wa magazi enieni, ndipo iwo anangoti, "Oho."

Tikuyamba kutsetsereka phiri, bambo wina wa suti kumpando wakumbuyo anayamba kulankhula mokweza koma osayang'ana munthu. Anati iye sakunena aliyense, koma mawa ndi chisankho, ndipo makatoni omatidwa bwino chonchi sakhala a matimati. Mayi wina anavomereza kuti mphwake anamva pa foni kuti mavoti ochongeratu akuyenda m'makatoni a sopo. Ine ndinapsa mtima, komanso pansi pa mtima ndinakondwa kuti aona kumata kwake. Mabuleki ankanunkha, makutu anatseka, ndipo kona iliyonse inkatithira mpweya wotentha kuposa wa kona yapitayo.

Pa rodibuloko ya Thabwa wa suti uja anatsika msanga kukanong'oneza wapolisi wamkazi. Wapolisiyo anabwera mwaulemu, kundipatsa moni, n'kundipempha kuti nditsegule. Onse atatu. Ntchito yanga ya masiku awiri inayalidwa pa fumbi anthu akuonerera: timipando, mabibu, mabisiketi. Wapolisi anayesa magalasi amodzi, kuwerenga kalata ya abambo mfumu imene ndinanyamula, n'kunena kuti magalasiwo ndi abwino. Wa suti anatsegula ambulera imodzi n'kusuzumira mkati, mwina mavoti anabisala m'nthiti zake. Anatilola kupita, koma kulonganso kunatenga theka la ola, dalaivala akuliza huta, ndipo ulendo uno chitseko chinafuna chingwe.

Tinawoloka Shire. Pa Dyeratu anthu anagula kanyenya ndi madzi a m'mapepala, ine ndinatsegula paketi ya mabisiketi a mavolontiya n'kugawira a Fole. Iwo anati takhuta, ndipo ine ndinatembenuka kufotokozera minibasi yonse kuti bambowa sakunena kuti mimba yadzaza, akuthokoza, ndi Chisena chimenecho. Theka la anthu amene ndinkawaphunzitsawo anali Asena.

Titadutsa Bereu, Nchalo isanaoneke, minibasi inatsokomola kawiri n'kuima pakati pa minda ya nzimbe. Dalaivala anasuzumira pa geji ya mafuta.

"Ndimaona ngati tifika," anatero.

Anatenga chigubu, kuimitsa njinga yamoto, n'kupita kukasaka mafuta kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, popeza pa filing'i siteshoni panalibe. Anati maminitsi makumi awiri. Dzuwa la ku Chigwa, inu amene simunafikeko, silikuwotcha kuchokera kumwamba kokha, limatulukanso mu tara. Mtengo panalibe, nzimbe zilibe mthunzi, m'galimoto munali ngati mu uvuni wa mabanzi. Patatha ola ndinamasula chingwe n'kugawa maambulera. Tinakhala m'mbali mwa msewu anthu khumi ndi asanu ndi atatu pansi pa maluwa apinki, wa suti uja ali pakati, ndipo a malole a nzimbe ankatiimbira huta podutsa.

Ola lachiwiri likutha, foni yanga inalira. Anali a Alufandika, ndipo aka kanali koyamba kumva mawu awo.

"Mayi Filomena, mwafika pati?"

"Tili pafupi ndi Nchalo, bambo. Mafuta atithera."

"Pepani maningi. Koma ndimwe wakulonga na manja uja?"

"Ndine ndithu. Zaka khumi ndi zisanu."

"Takhuta, takhuta! A Dominga akhala pansi pa mtengo chiyambire m'mawa, avala za pa Khirisimasi. Ndawalozera msewu, ndagwedeza zala tenepa, amva kuti kukubwera munthu wawo."

"A Dominga ndi ndani, bambo?"

"Wosamva uja. Amene mukalonge naye za mavoti. Nanga a Namakhwa sanakuuzeni?"

Ndinati netiweki ikuvuta, n'kudula. Netiweki inali bwinobwino. Ndinatembenukira a Fole, amene ankadzikupiza ndi chipewa.

"Bambo, kodi pa Chisena kulonga ndi chiyani?"

"Chimene mwakhala mukuchita chichokere ku Blantyre."

"Ndiye ndikunena kuti kulonga ndi manja muja, bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzani chiyani? Ndimaona mmene mumaponyera manja polankhula, kawiri konse mwandigwetsera chipewa. Ndimati ndi ntchito yake imeneyo. Komanso munati ndinu Msena."

Sindinachitepo manyazi otero. Ndinayamba ndi kukwiyira bambo anga, amene ali kumanda, mokweza a Fole akumva, chifukwa chotibisira chinenero chawo ngati nthenda. Koma mkwiyo umenewo sunakhalitse, chifukwa ndinakumbuka kuti bambo akatsala okha ndi abale awo ankalankhula Chisena pakhonde, ndipo amene ankatseka zenera kuti anzake asamve ndinali ine. Tsono kutsogoloko kunali mayi atavala zovala zake zabwino, akudikira munthu woti acheze naye koyamba pa zaka makumi atatu, ndipo ankabwera ndi ine ndi makatoni.

Ndinaimbira a Namakhwa.

"Ine ndinalemba zimene ndinamva," anatero. "Kabuku kali pompano."

"Kabukuko sikakalankhula ndi a Dominga, bambo."

"Mukangoyesa, mayi. Manja muli nawo. Kumalozaloza basi, akamva."

Ndinaimbira Madamu Gondwe. Ndinkayembekezera kuti aseka, ndipo bwenzi zili bwino akanaseka. Anangofunsa dzina la mayiyo ndi sukulu imene anaphunzirako. Ndinawachonderera kuti anyamuke, ine ndibwerere, tisinthane.

"Nthawi ino? Minibasi zonse zili pamzere wa mafuta, a Filo. Ndikanyamuka ndikagona pa siteji. Foni yanu ili ndi kamera?"

"Ili nayo, koma galasi linang'aluka pakona."

"Zala ziwoneka. Gulani bandulo yaikulu, muithimitse foniyo, musaimbirenso munthu. Moto usathe. Mawa sikisi koloko mundiimbire pa vidiyo, ine ndidzapatuka pamzere. Inu ntchito yanu ndi kugwira foni osagwedeza."

Dalaivala anabwera patatha maola atatu ndi mafuta a mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Galimoto inalira. Pa Nchalo ndinagula bandulo n'kuthimitsa foni. Kuchokera pamenepo mpaka Ngabu, Ngabu mpaka Sorgin, sindinatulutse liwu. Mayi wa mphwake uja anandifunsa ngati ndikumva malungo. Kondakitala anacheuka kawiri kuona ngati ndinatsika iye osadziwa.

Pa Bangula anatigulitsa. Amene amayenda msewu umenewu akudziwa: minibasi yolembedwa Nsanje ikaona kuti otsala ndi ochepa, kondakitala amakambirana ndi wa galimoto ina, n'kukusamutsani ngati mbuzi, iye n'kubwerera. Ife anatigulitsa kwa wa pikapu yonyamula matumba a chimanga. A Fole anali atafika kwawo, koma anandithandiza kaye kukweza makatoni.

"Musawakwiyire kwambiri bambo anu," anatero. "Ana anga a ku Ndirande ndikawalankhula Chisena amandiyankha Chizungu. Fambani mwadidi."

Ndinati takhuta, motsitsa, osafotokozera aliyense tanthauzo lake.

Pikapu inayenda bwino kupatula kuti inkaima paliponse pamene dalaivala anali ndi mnzake. Pa Tengani ndinatsika n'kutenga makabaza awiri, ina ya ine, ina ya makatoni. Njira inali ya mchenga, moti theka lake tinayenda pansi tikukankha njinga zimene ndinalipira kuti zindinyamule.

Tinafika pasukulu yovoterapo dzuwa litapendeka. A Alufandika, bambo wamfupi wa ndevu zoyera, anabwera akuthamanga ndi mavolontiya awo asanu. Ndisanatsegule pakamwa kuti ndifotokoze, mayi wina wamtali anadzuka pansi pa mtengo wa nimu. Anavala bulauzi yoyera ya zingwe ndi chitenje chatsopano chosachapa. Anaima patsogolo panga, kumwetulira, n'kuyamba. Zala zinkathamanga, nkhope yonse ikulankhula, akugwira pachifuwa, pachibwano, kuloza ine, kuloza kumtunda. Zinali zambiri, zosungidwa nthawi yaitali. Kenako anaima kudikira yankho.

Ine manja ali lende m'mbali. Ndinawakweza pang'ono, kuwayang'ana, n'kuwatsitsanso.

A Dominga anabwereza pang'onopang'ono, ngati mmene timachitira ndi mwana. Ndinapukusa mutu. Anayang'ana a Alufandika, kuyang'ana makatoni, kundiyang'ananso ine. Sanakwiye, ndipo chimenecho ndi chimene chinandipweteka. Nkhope inangotsekeka ngati ya munthu wozolowera. Anakutumula fumbi pa chitenje n'kumapita kwawo.

Ndinawafotokozera a Alufandika zonse. Anagwira ndevu nthawi yaitali.

"Ndiye ku Blantyre kulonga ndi kuika zinthu m'katoni?"

"Eya, bambo."

"Mwaika bwino," anatero, akuyang'ana makatoni aja. Sindikudziwa mpaka lero ngati ankanditonthoza.

Ndinagona kwa akazi awo. M'mawa kusanatenthe anthu anali atayamba kale kundanda, ndipo mavolontiya anavala mabibu n'kuyala timipando. Vuto linali netiweki. M'mudzi monse imagwira pamalo amodzi, pamwamba pa chulu kuseri kwa bwalo la mpira, kutali ndi mzere, ndipo pachulupo udzu unatha ndi mapazi a oimba foni. Vuto lachiwiri linali a Dominga, amene anakana kutuluka m'nyumba. A Alufandika anapita kawiri. Ulendo wachitatu ndinapita ndekha, kugwada pakhomo, kuwaonetsa foni, n'kuomba m'manja mopepesa. Anabwera, ndikuganiza chifukwa cha chisoni, atavala chitenje chakale chakumunda. Kumbuyo kwawo kunkabwera a Zuze, bambo wojintcha, ziphaso ziwiri zovotera zili m'thumba la malaya awo.

Ndinakwera pachulu, kuimba, n'kutembenuza foni. Madamu Gondwe anaoneka atavala bibu, kumbuyo kwawo kuli mpanda wa sukulu ya ku Machinjiri. Anatsamiritsa foni yawo pa njerwa, kubwerera m'mbuyo, n'kukweza manja.

A Dominga anaima chilili. Kenako anatulutsa mawu, kaphokoso kakuthwa ka munthu amene sadzimva, n'kukwera chulu ndi mawondo.

Musandifunse zimene anakambirana. Ine ndinali mtengo wokolekapo foni. Chithunzi chinkaima, zala za Madamu n'kuuma m'malere, a Dominga n'kumenya dzanja langa kuti ndikweze, ndikakweza chinkayambanso. Mikono inatopa, thukuta likulowa m'maso, osatha kupukuta. A Dominga anaseka mpaka kugwira m'mimba, kenako analira, kenako anasekanso. Moto wa foni unkatsika ine ndikuona.

"Madamu," ndinatero, "za mavoti mwayamba?"

"Ayi," anayankha mawu a m'foni, manja osaima. "Akundifunsa ngati sisitere amene ankawaphunzitsa akadali moyo. Dikirani, a Filo. Munthuyu ali ndi zambiri."

Ndinadikira. Pamapeto pake Madamu anapempha pepala lachitsanzo, ndipo a Alufandika analigwira pambali pa foni. Anadutsamo pang'onopang'ono: mapepala atatu, kuchonga kamodzi pa lililonse, kupinda, bokosi lake lake, inki pachala. A Dominga anafunsa chinthu china kawiri, akuloza a Zuze ndi chibwano. Madamu anayankha kawiri, kenako analankhula ndi mawu kuti tonse timve.

"Akufunsa ngati akuyenera kulowa ndi achimwene awo. Ndawauza kuti wothandiza amasankha ndi mwini wake, ndipo ngati sakumufuna, salowa. Akuti apatsidwe chiphaso chawo."

A Zuze anaseka, koma kuseka kwake kosafika m'maso.

"Dominga ndamuvotera zaka zonsezi," anatero. Kupatula a Alufandika, anthu onse m'mudzimo, ngakhale ana, ankawatchula choncho, popanda a waulemu. "Ndimamulimira, ndimamuperekeza kuchipatala. Sanadandaulepo."

"Akanadandaula kwa ndani, a Zuze?" anafunsa a Alufandika.

"Akaononga pepala. Ine ndimadziwa chimene chili chabwino pa banja lathu."

Foni inathima pamenepo. Panalibenso womasulira. A Dominga anatsika pachulu, kuima patsogolo pa mlongo wawo, n'kutambasula dzanja. A Zuze anayang'ana kumbali, kuyang'ana a Alufandika, kuyang'ana amayi amene anali atayamba kusonkhana ndi maambulera apinki. Dzanja silinatsike. Anatulutsa chiphasocho n'kuchiika m'dzanjamo mokhala ngati akubwereketsa.

Tinapita kumzere. Volontiya wina anawapatsa kampando, anakana. Anaima ola lathunthu padzuwa, a Zuze ali kumbuyo kwawo ngati kale, ine ndili kunja kwa chingwe mtima uli m'mwamba. Ndinkaopa kuti akafika pa tebulo, ogwira ntchito akafunsa funso, a Zuze akayankha, zonse zibwerera mwakale. Atafika kutsogolo, a Zuze anasuntha phazi kuti alowe nawo limodzi. A Dominga anatembenuka n'kuika chikhatho pachifuwa pawo. Sanakankhe, anangochiika pamenepo mpaka bamboyo anabweza phazi. Wa pa tebulo anaona, kugwedeza mutu, n'kulandira chiphaso.

Anakhalitsa m'kachipinda kochongera kaja. Ndinapemphera korona theka, ndikusokoneza mawu. Kenako anatuluka, kuponya pepala loyamba, lachiwiri, lachitatu, lililonse m'bokosi lake, n'kubwera kunja kwa chingwe chala chili ndi inki. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo sindinaibise.

A Zuze nawo anavota msangamsanga n'kuwathamangira. Anawagwira paphewa, kukweza nsidze, n'kuyamba kuyerekeza ndi manja zizindikiro za zipani, china pambuyo pa chinzake, akudikira kuti mlongo wawo agwedeze mutu pa chimodzi. Anafika kumapeto, n'kuyambiranso. A Dominga anawayang'ana mpaka atamaliza. Kenako analowetsa manja onse awiri m'chitenje, n'kuuyamba wa kunyumba.